Wotchi ikamazima muli pa liwiro, musathamangire kugula ina

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, ife okonza mafoni pa Kasungu boma timadziwa ngakhale tisanamve pa wailesi, chifukwa ntchito imangochuluka. Zaka zaposachedwapa pa tebulo langa pakumabweranso katundu amene kale kunalibe: mawotchi amakono aja olumikizana ndi foni, owerenga mapazi ndi kuyeza kugunda kwa mtima. Ena amagula akalandira za mabelo, ena amachita kutumiziridwa ndi abale a ku Joni, enanso amatola pa kaunjika. Dandaulo lawo limafanana: "Amisiri, wotchiyi imakhala bwinobwino tsiku lonse, koma ndikangoyamba kuthamanga kapena kupalasa njinga, basi yazima. Chonsecho moto umakhala uli pa 60."

Ambiri amafika atagamula kale mlandu kuti anawagulitsa feki. Nthawi zina zimakhaladi choncho, koma ndaonanso mawotchi odula, a mayina odziwika, akuchita zomwezi. Wotchi sidana ndi kuthamanga. Kungoti nthawi ya masewera olimbitsa thupi ndi pamene imagwira ntchito yolemera kuposa ina iliyonse, choncho chofooka chilichonse chimene chinabisala m'katimo chimaonekera pamenepo.

Funso langa loyamba limakhala lakuti, yazimadi kapena yangoda sikirini? Ngati mutadina batani n'kupeza kuti ikuwerengabe mphindi ndi mtunda, ndiye kuti sinazime, imangosunga moto, ndipo zimenezo mutha kusintha nokha m'masetingi. Yazimadi ngati mukaiyatsa imayamba yaonetsa chizindikiro cha kampani yake, ndipo zimene munathamanga zija zasowa. Chachiwiri ndimamuuza mwini wake kuti aivale monga amavalira masiku onse, kenako agwire tebulo ngati wagwira mahandulo a njinga. Anthu ambiri amavalira wotchi pafupi kwambiri ndi chikhatho, ndiye dzanja likapindikira kumbuyo limapanikiza batani la m'mbali. Batani limenelo likadinidwa kwa kanthawi wotchi imazima kapena kuyambiranso. Akabaza ndi anyamata onyamula zitsulo ndiwo amagwa kwambiri mu msampha umenewu. Mankhwala ake ndi kukankhira wotchi m'mwamba pang'ono, mpata wa zala ziwiri kuchoka pa kafupa kotukuka ka pa mkono pafupi ndi chikhatho, ndi kumanga lamba bwino. Apa sindilipiritsa kanthu.

Zikapanda kukhala zimenezi, kawirikawiri wolakwa amakhala batire, ndipo apa ndi pofunika kumvetsetsana chifukwa nambala ya pa sikirini ija imasokoneza anthu.

Batire ya wotchi ndi ya lithium, mtundu womwewo wa mu foni, umene kampani ya Sony inayamba kugulitsa mu 1991. Kusiyana kwake ndi kukula. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi batire ya 5,000 mAh, pamene ya wotchi imangokhala cha m'ma 300 mAh, ina yocheperapo. Ikadzaza imakhala pa ma volt 4.2 mpaka 4.4 malingana ndi mapangidwe ake, ndipo ikatsika kufika cha m'ma 3.3 wotchi imadzizimitsa yokha kuti batireyo isaonongeke. Wotchi ilibe diso losuzumira m'batire. Peresenti imene mumaona ndi yongoyerekeza, yowerengetsa kuchokera ku ma volt komanso ku moto umene walowa ndi kutuluka.

Batire ikamakalamba pamachitika zinthu ziwiri. Choyamba aliyense amachidziwa: imasunga moto wochepa. Chachiwiri ndi chimene chimazimitsa wotchi yanu pa msewu: moto umayamba kutuluka movutikira, moti mukaufuna wambiri nthawi imodzi ma volt amagwa mwadzidzidzi. Ganizirani ng'ombe zokalamba zokoka ngolo. Ngolo ikakhala yopanda kanthu pa msewu wosalala zimayenda ngati zamphamvu, palibe angadziwe. Pakiranimo mabelo, mufike pa chikweza chotuluka mu dambo, pamenepo zimagwada, ngakhale zadya bwino m'mawa womwewo. Wotchi ili pa mkono mu ofesi ndi ngolo yopanda katundu. Imangoonetsa nthawi, sikirini imayaka pa kanthawi, timagetsi tobiriwira ta kumsana kwake timayaka mwa apo ndi apo. Mukangodina kuti mwayamba kuthamanga, zonse zimadzuka limodzi. GPS imayamba kutchera khutu ku masetilaiti amene ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 m'mwamba, ndipo imeneyi imadya moto kwambiri. Timagetsi tobiriwira tija timayaka osalekeza kuti tione mmene magazi akudutsira pansi pa khungu. Pa dzuwa sikirini imawala mpaka pothera. Ngati mukumvera nyimbo, Bluetooth nayo ikukoka. Kenako mukakwanitsa kilomita kamota kakang'ono kamanjenjemera kukudziwitsani, ndipo kamota poyamba kuzungulira kamakoka moto wambiri kamodzi. Ma volt amene anali pa 3.8 amagwa m'kuphethira kwa diso kupyola malire aja, wotchi n'kuganiza kuti batire yatha. Mukaiyatsanso katundu uja amakhala atatsitsidwa, ma volt abwerera, ndiye imakuonetsani 55 ngati palibe chachitika.

N'chifukwa chake ndimafunsa kuti imazima pa nthawi iti. Munthu akandiuza kuti imazima ikangonjenjemera, kapena akangotembenuza mkono kuti aone sikirini, sindikhalanso ndi chikaiko chachikulu. Vutoli si la mawotchi otchipa okha ayi. Mu Disembala 2017 kampani ya Apple inavomereza poyera kuti inkachepetsa liwiro la mafoni ake ena a iPhone okhala ndi mabatire okalamba, n'cholinga choti asamazime mwadzidzidzi. Ngati zinawavuta eni akewo, nanga kawotchi kamene kadutsa m'manja mwa anthu atatu kasanafike kwa Santhe kapena kwa Chamama?

Pajatu wotchi ya pa kaunjika imatha kuoneka yatsopano kunja, galasi lopanda chipsera, koma batire yake inagwira kale ntchito zaka zingapo kwa mwini wake woyamba. Apple yomweyo imanena kuti batire ya wotchi yake inapangidwa kuti izikhala ikusungabe 80 peresenti ya mphamvu zake ikatchajidwa modzaza ka 1,000. Wotchaja tsiku ndi tsiku amafika pamenepo zisanakwane zaka zitatu. Ngakhale ya m'bokosi yosatsegula imatha kukhala yodwala, chifukwa batire ya lithium ikakhala miyezi yambiri ilibiretu moto imaonongeka ili chikhalire. Inunso mukafuna kusunga wotchi kwa nthawi yaitali, isiyeni ili ndi moto wa theka.

Mutha kudziyezera nokha kunyumba musanabwere kwa ife. Tchajani mpaka 100. Tsiku loyamba thamangani mutasankha masewera a m'nyumba, amene sagwiritsa ntchito GPS, mutachepetsa kuwala kwa sikirini ndi kuletsa kunjenjemera. Tsiku lotsatira thamangani njira yomweyo, nthawi yomweyo, zonse zili zoyatsa. Ikapirira tsiku loyamba n'kuzima lachiwiri, ndi batire. Onaninso ngati peresenti ikudumpha, monga kuchoka pa 60 kufika pa 10 m'mphindi zochepa. Nthawi zina vuto limangokhala kuwerengetsa kuja kutasokonekera, ndipo kuilola kuti ithe moto mpaka izime yokha kenako n'kuitchaja mpaka kudzaza osaichotsa kumathandiza. Chitani zimenezi kamodzi, si chizolowezi.

Kutentha ndi mdani wachiwiri, ndipo kuno kwathu si nkhani yonyozera. Apple imati wotchi yake imagwira bwino ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 35. Mu Okutobala ndi Novembala masana a ku Kasungu amapyola madigiri 30, ndiye onjezerani wotchi yakuda yoombedwa ndi dzuwa pamwamba, pansi ili pa khungu lotentha, m'kati namonso ikudzitenthera yokha ndi ntchito. Mawotchi abwino ali ndi kachipangizo koyeza kutentha, ndipo kutentha kukapyola malire amadzizimitsa dala. Wotchi yotero sinaonongeke, ikudziteteza. Ngati imazima masana okha koma m'mamawa imapirira, sinthani nthawi yothamangira. Kuipa kwake n'kwakuti kutentha kumakalambitsanso batire msanga. Akapitawo a m'maesiteti, vulani wotchi musanayandikire balani ya fodya wootcha. Pa siteji youmitsa mitsitsi ya masamba m'katimo mumafika cha m'ma madigiri 70, ndipo kutentha kotero kumafewetsa guluu wogwira galasi. Kusiya wotchi pa dashibodi ya galimoto podikira mzere wa mabelo ndi kuipha pang'onopang'ono.

Ndiye pali thukuta. Pa bokosi amalemba IP67 kapena IP68, anthu n'kumaganiza kuti wotchiyo singalowe kanthu mpaka kalekale. Mayeso amenewo amachitika ndi madzi abwino, pa wotchi yatsopano. Thukuta lili ndi mchere, ndipo mchere umadya zitsulo komanso umadutsitsa magetsi. Tembenuzani wotchi yanu muone timadontho tachitsulo pamene pamagunda tchaja. Ngati tada kapena tamera zobiriwira, wotchiyo mwina sikudzaza n'komwe usiku, ngakhale imaoneka ngati ikutchaja. Tsukanipo ndi mswachi wakale wouma ndi kadontho ka sipiriti, osati singano. Thukuta likalowa m'kati kudzera pa batani kapena pa kabowo ka maikolofoni, wotchi imazima mukatuluka thukuta n'kudzadzuka ikauma, ndipo ambiri amati yachira yokha. Sinachire. Ndikatsegula mawotchi otero ndimapeza tinthu toyera ngati phulusa tatakuta timiyendo ta batani, ndipo akachedwa nayo dzimbiri limakhala litadya kale bolodi. Mukatha masewera ipukuteni ndi kansalu konyowa pang'ono, iume, kenako muitchaje. Kuiika pa tchaja ili ndi thukuta ndiye njira yachidule yoonongera timadontho tija. Mpunga umene anthu amakwiriramo mafoni suchotsa mchere.

Za tchaja ndinenepo pang'ono. Mawotchi ambiri amangofuna ma volt 5 ndi moto wochepa. Kumidzi kumene timadalira sola, batire ya galimoto kapena jenereta ya pa malo otchajitsira, magetsi amakwera ndi kutsika, ndipo timitu ta tchaja totchipa timangodutsitsa zonsezo. Ndi bwino kutchaja power bank kaye, kenako wotchi izimwa kuchokera m'menemo.

Wotchi ikamazima pa mabampu okha, monga pa msewu wafumbi uli pa njinga, koma osazima poyenda pansi GPS ili yoyatsa, ndimakaikira kawaya ka batire kapena kolumikizira kake kuti kakhwefuka. Igogodeni pang'ono pa chikhatho ili yoyaka. Ikazima, ndi ntchito ya mphindi zochepa kwa mmisiri. Mapulogalamu nawo amalakwa, makamaka ngati vuto layamba tsiku limene wotchi inalandira pulogalamu yatsopano. Ilumikizeni ku foni muone ngati kwabwera ina yokonza, ndipo zikakanika ibwezereni mmene inalili pochoka ku fakitale. Ndimaika zimenezi kumapeto dala, chifukwa anthu amataya mabandulo ndi kufufuta zinthu zawo pa vuto limene ndi la batire.

Pali chizindikiro chimodzi chosafunika kuyeza chilichonse. Galasi kapena chivundikiro cha kumsana chikayamba kutukuka, kapena wotchi ikamatentha mpaka kuwawa pa khungu, ivuleni nthawi yomweyo. Batire yatupa. Musaiboole, musaipanikize, ndipo musaitaye kudzala kumene mumatentha zinyalala. Mu Malichi 2022 kampani ya Fitbit inaitanitsa mawotchi ake a Ionic pafupifupi 1.7 miliyoni kuti abwezedwe chifukwa mabatire ake ankatentha mpaka kuotcha anthu pa mkono. Kabatire n'kakang'ono, koma kamakhala pa khungu lanu usana ndi usiku.

Mukafika posintha batire, funsani mmisiri mafunso. Batire yoyenera kawirikawiri timachita kuitanitsa ku Lilongwe kapena kunja, ndiye wina akakuuzani kuti dikirani pompano, funsani kuti aitenga kuti. Alipo anzathu ena amene amachotsa kabatire m'mahedifoni akufa n'kukawotcherera mu wotchi. Imayaka, mumalipira, koma kabatire kotero sikangakwanitse GPS, ndipo nthawi zambiri kamakhala kopanda waya wachitatu wouza wotchi za kutentha. Dziwaninso kuti wotchi ikatsegulidwa, ngakhale titamata bwanji ndi guluu, sindingakulonjezeni kuti mukasambe nayo ku nyanja ku Nkhotakota. Wokulonjezani zimenezo akukunamizani. Ndipo ngati mtengo wokonzetsa ukupyola theka la mtengo wa wotchi yotchipa, ine ndimanena mosabisa kuti isiyeni, muziigwiritsa ntchito poonera nthawi. Mawotchi ena otchipitsitsa amakupatsani kugunda kwa mtima ngakhale mutawaveka botolo, choncho amene mumadwala BP musasiye kukayezetsa ku chipatala podalira timanambala timeneto.

Kwa inu amene mukufuna kugula wotchi yogwiritsidwapo kale ntchito nyengo ya msika wa fodya, musapereke ndalama chifukwa choti yayaka. Pemphani wogulitsayo kuti muivale, mutsegule masewera othamanga panja, sikirini iwale mpaka pothera, muyende naye limodzi kwa mphindi 15 mukuyang'ana peresenti. Ikazima kapena ikatsika ndi manambala ambiri, bwezani. Wogulitsa akakana mayeso amenewa, pitani kwa wina.