Galu wamantha si wopanda ntchito

Mwezi wa Novembala ukafika, mitambo n'kuyamba kuunjikana pamwamba pa phiri la Ntchisi, mlimi amayang'ana kumwamba mtima uli m'malo. Koma pamakomo ena pali galu amene nyengo imeneyi imamuzunza. Bingu loyamba likangogunda, mumuona akuthawira pansi pa nkhokwe, mchira ataupanira pakati pa miyendo, thupi lonse likunjenjemera, akupuma wefuwefu ngakhale kunja kukuzizira. Mwini wake amangopukusa mutu n'kunena kuti galuyu ndi wachabechabe, akungomaliza madeya. Ena amamukoka pansipo ndi kumukwapula kuti ati alimbe mtima, osadziwa kuti mkwapulowo ukungowonjezera manthawo.

Ena mwa agalu amantha m'maboma a Dowa ndi Ntchisi ndi obwera, ndipo aliyense ali ndi kumene wachokera. Wina anasiyidwa ndi matenanti amene anasamuka fodya atagulitsidwa, n'kukhala miyezi akutoleza zakudya kudzala ndi kuthawa miyala ya ana. Wina anagulidwa ali kamwana m'mphepete mwa msewu mu Lilongwe, atamulanda kwa make asanaleke kuyamwa, atamuyanika padzuwa tsiku lonse. Winanso anachokera ku bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, lodziwika kuti LSPCA, lomwe linayamba mu 2008 ndipo limasunga agalu otayidwa ndi ozunzidwa mpaka atapeza pakhomo patsopano. Mphunzitsi kapena namwino wogwira ntchito ku Mponela, ku Madisi kapena pa boma la Ntchisi akatenga galu wotere, amabwera naye kumalo kumene fungo ndi lachilendo, anthu ndi achilendo, phokoso nalo ndi lachilendo.

Akatswiri a khalidwe la ziweto anapeza kalekale kuti mwana wa galu amaphunzira zinthu zoti asamaziope pakati pa sabata yachitatu ndi ya 12 chibadwire. Chimene wachiona ndi kuchimva mwamtendere pa nthawi imeneyo amachitenga ngati chinthu wamba moyo wake wonse. Chimene sanachione amadzachikayikira akakula. Kagalu kamene kanakulira m'khola lotseka, osaona mwana, mbuzi kapena njinga, kamadzakhala galu wothawa chilichonse kapena woluma chilichonse. Apa m'pamene pali kulakwa kwa mwambo wotsekera galu masana onse kuti akhale wolusa. Galu wotereyo amauwadi usiku, koma chimene chikumuuwitsa ndi mantha, ndipo tsiku limene tcheni idzaduke woyamba kulumidwa amakhala mwana wa pakhomo pomwepo kapena wa aneba.

Makutu a galu nawo ndi akuthwa kuposa athu. Munthu amamva mawu opyapyala mpaka pa mlingo wa mahezi 20,000, pamene galu amapitirira 40,000. Kulira kwa chigayo, kwa njinga yamoto ya kabaza ikukwera chitunda cha ku Dowa boma, kwa lole ya fodya pa msewu wa M1, kwa matalala pa denga la malata, zonsezi zimamufika mwanjira imene ife sitingaimve. Wonjezerani ng'oma za gule usiku kudambwe, zimkuzamawu za pamsika, ndi makombola a pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano. Galu wobadwira pomwepo anazizolowera. Wobwera alibe pogwira.

Masiku oyamba pakhomo patsopano ndi amene amaononga kapena kukonza zambiri, ndipo chovuta n'chakuti chofunika kuchita ndi chochepa kwambiri. Mupatseni pamalo pake, pakona pa khonde, m'kachipinda kosungira makasu kapena pansi pa tebulo la kukhitchini, muyalepo chiguduli, muike madzi. Pamenepo pakhale poti akalowapo palibe womutsatira. Ana auzidwe momveka bwino, chifukwa iwo ndiwo amafuna kumunyamula, kumukwera pamsana ndi kuitana anzawo kuti adzaone. Chakudya chibwere nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Musamuyang'anitsitse m'maso, musamuweramire, musatambasule dzanja pamwamba pa mutu wake, pakuti galu amene anamenyedwapo amaona dzanja lokwezedwa ngati mkwapulo. Khalani pansi chammbali, muzisenda chimanga kapena kusankha nyemba, muponye kansomba ka usipa chapatali ndi inu. Mawa muponye chapafupi pang'ono. Adzabwera yekha. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kwa agalu ena kudekhako ndi kwa masabata, kwa ena miyezi.

Galu asanalume amalankhula kaye, kungoti ife sitimva. Amanyambita milomo popanda chakudya, amayasamula popanda tulo, amatembenuzira mutu kumbali, makutu amawagoneka kumbuyo, kenako amauma thupi lonse. Zonsezi zikakanika m'pamene amang'ung'udza ndi kuonetsa mano. Ambiri amamenya galu chifukwa chong'ung'udza, ndipo ine ndimaona kuti palibe kulakwa koopsa kuposa kumeneku. Galuyo amaphunzira kuti kuchenjeza kumabweretsa ndodo, ndiye ulendo wina amangoluma osachenjeza.

Nkhani ya phokoso ili ndi njira yake, ndipo siilira ndalama. Tiyerekeze galu woopa njinga yamoto. Pezani mtunda umene iye akuimva njingayo koma sanayambe kunjenjemera, ngakhale patakhala patali ngati bwalo lonse la mpira. Njinga ikamadutsa, mupatseni kanthu kokoma kuposa nsima ya masiku onse, kaya bonya kaya kachidutswa ka nyama. Njinga ikapita, chokomacho chithenso. Mukabwereza masiku angapo mudzaona kuti akamva injini amatembenukira kwa inu m'malo mothawa, chifukwa m'mutu mwake phokosolo layamba kutanthauza chakudya. Pamenepo sunthirani pafupi mapazi ochepa okha. Chizindikiro chakuti mwafulumira n'chosavuta: galu akakana kudya, mantha amugwira kale, bwererani m'mbuyo. Kumumangirira pafupi ndi chigayo kuti azolowere mokakamiza kumakulitsa vuto, ngakhale ataoneka kuti watonthola. Nthawi zambiri kutonthola kumeneko ndi kutaya mtima.

Bingu ndi lovutirapo, chifukwa simungaliuze kuti ligundire patali. Ena amaika kulira kwa bingu pa foni motsitsa kwambiri galu akudya, n'kumakweza pang'onopang'ono masiku akamapita, ndipo nthawi yabwino yochitira zimenezi ndi m'chilimwe mvula isanayambe. Koma mphezi zenizeni zikayamba, ntchito yanu ndi yomulola abisale. Musamusiye atamangidwa pamtengo pabwalo, poti agalu ena amadzipotokola ndi chingwe pofuna kuthawa, ena amadula chingwecho n'kusochera m'mapiri. Ngati akufuna kutsamira pa miyendo yanu, mulekeni. Pali chikhulupiriro chakuti kutonthoza galu wamantha kumamuphunzitsa mantha, koma madokotala a ziweto ambiri masiku ano amachikana. Mawu anu odekha amamuthandiza.

Malo achilendo nawo amafuna dongosolo lomwelo. Yambani ndi kuseri kwa nyumba, kenako kanjira ka kudimba m'mawa anthu asanachuluke, kenako msewu. Msika ukhale womaliza, ndipo agalu ena safunika kufikako n'komwe. Chingwe chikhale chachitali ndi chomasuka, osati waya wa pakhosi. Akaima kuti anunkhize, mudikireni, pakuti galu amadziwa malo ndi mphuno. Akafuna kubwerera, bwererani naye.

Pali chifukwa china chachikulu chimene galu ayenera kuzolowera chingwe ndi manja a anthu, ndicho chiwewe. Matendawa zizindikiro zikaoneka sachizika, ndipo pafupifupi onse amene amawatenga amakhala atalumidwa ndi galu, ambiri mwa iwo ana. Bungwe la World Health Organization limati kutemera agalu 70 pa 100 aliwonse m'dera kumaletsa matendawa kufala. Bungwe la Mission Rabies litayamba ntchito ku Blantyre mu 2015 linatemera agalu oposa 35,000 pa kampeni yoyamba yokha. Koma alangizi a ziweto akalengeza tsiku la katemera, galu amene amatsala kunyumba ndi uja wamantha, amene mwini wake sangamugwire. Kuphunzitsa galu kuyenda pa chingwe mwamtendere ndi kuteteza ana a m'mudzi wonse.

Ndi bwinonso kusiyanitsa mantha ndi chiwewe, chifukwa agalu osalakwa aphedwapo ndi miyala powaganizira matendawa. Galu wamantha amaopa chinthu chodziwika, chikachoka amabwerera mwakale, amadya ndi kumwa. Wachiwewe amasintha khalidwe mwadzidzidzi popanda chomuopsa, amachucha dovu, amavutika kumeza, amaluma ndi mitengo yomwe kapena amafooka miyendo, ndipo amafa m'masiku ochepa. Galu wotoledwa amene simukudziwa mbiri yake ayenera kuonedwa ndi a zaziweto ndi kulandira katemera asanayambe kusewera ndi ana. Munthu akalumidwa, atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati balalo litupe.

Nthawi zinanso galu amene anali wolimba mtima amayamba kuopa phokoso chifukwa cha ululu m'thupi, kaya khutu lotukusira, dzino lowola kapena mafupa a ukalamba. Ameneyo amafunika dokotala wa ziweto. Ndipo tisanamizane kuti galu aliyense adzachira kotheratu. Alipo amene adzabisalabe pansi pa nkhokwe mvula iliyonse mpaka kukalamba, koma masiku ena onse akulondera mbuzi ndi kuperekeza ana kumjigo.

Dziko lino lili ndi lamulo loteteza nyama, Protection of Animals Act, lomwe limaletsa kumenya ndi kuzunza chiweto mwankhanza, ndipo galu ali m'gulu lomwelo. Inu amene mwatola galu chaka chino, mukonzereni pobisala mvula isanagwe, uzani ana asamugende kapena kumuthamangitsa, ndipo funsani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu tsiku la katemera wa chiwewe.