Kodi Mlandu Suwola? Za Mphamvu ya Khoti Yoimitsa Mlandu

Kwathu kwa Mwambo, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, akuluakulu amati mlandu suwola. Munthu akadya ndalama za banki mkhonde n'kuthawira ku Chisi, tsiku limene adzabwere adzapeza bwalo likumudikira. Komatu m'malamulo a makhoti muli njira imene mlandu ungathere osaweruzidwa. Nkhani ino ikufotokoza njira imeneyi, makamaka pa milandu ya zachuma.

M'dziko muno mabanki, makampani a inshuwalansi ndi mabungwe obwereketsa ndalama amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Lamulo la 2010 linapatsa Gavanala wa bankiyi udindo wopereka ziphaso ku mabungwewa ndi kufufuza mabuku awo. Mphamvu yotereyi imafuna malire, chifukwa wofufuza naye angalakwe.

Makhoti a ku England, kumene malamulo athu ambiri anachokera, amavomereza zifukwa ziwiri zoimitsira mlandu. Choyamba ndi pamene woimbidwa mlandu sangathenso kuweruzidwa mwachilungamo, mwachitsanzo ngati ofufuza ataya zikalata zimene zikanamuteteza. Chachiwiri ndi pamene boma lachita zoipa kwambiri pofufuza, moti kupitiriza mlanduwo kungaipitse mbiri ya khoti lenilenilo. Kuno kwathu, gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa aliyense ufulu woti mlandu wake uweruzidwe mwachilungamo ndiponso mosachedwa.

Ngakhale zili choncho, makhoti sathamangira kugwiritsa ntchito mphamvuyi. Mu 2014 bungwe loyang'anira zachuma ku Britain la Financial Conduct Authority linkazenga amuna asanu mlandu wobera anthu powagulitsa malo mwachinyengo. Boma linali litachepetsa malipiro a maloya oimira anthu osowa, choncho maloya anakana ntchitoyo. Pa 1 Meyi woweruza wa khoti la Southwark ku London anaimitsa mlanduwo, ponena kuti amunawo analibe owaimira. Patangotha masabata atatu, khoti la apilo linasintha chigamulochi, linati kunali kokwanira kudikira mpaka maloya apezeke. Mu 2015 mlanduwo unathera kundende. Ukanaimitsidwa, anthu oberedwa aja sakanaona chilungamo.

Apa m'pofunika kusiyanitsa zinthu zimene m'Chichewa timangoziphatikiza ponena kuti "mlandu watha". Mlandu wa mtsogoleri wakale wa dziko lino, Bakili Muluzi, wokhudza K1.7 biliyoni, unakhala kukhoti kuyambira 2009 mpaka 2023. Anauthetsa si woweruza ayi, koma mkulu wozenga milandu ya boma, pogwiritsa ntchito gawo 99 la malamulo aakulu, limene limamulamula kupereka zifukwa zake ku komiti ya zamalamulo ya Nyumba ya Malamulo pasanathe masiku khumi. Motero kupezeka wosalakwa n'kwina, kuchotsedwa kwa mlandu ndi wozenga n'kwina, ndipo kuimitsidwa kwa mlandu ndi khoti n'kwinanso.

Pomaliza, tinganene kuti khoti likaimitsa mlandu silinena kuti munthuyo ndi woyera. Likunena kuti boma ndilo lalephera kutsata njira yoyenera. Mayi wogulitsa matemba ku Kachulu amene anasungitsa ndalama zake ku bungwe lachinyengo ndiye amaluza pamenepa. N'chifukwa chake oyang'anira zachuma ayenera kufufuza mosamala ndiponso mwachangu, kuti mlandu usawolere m'manja mwawo.