Matenda Oola Tsinde pa Mpiru, Repu ndi Kabichi

Ife a kuno kwa Likhubula, dimba ndilo limatipulumutsa m'miyezi ya chilimwe. Mpiru, repu, chayinizi ndi kabichi ndi ndiwo zathu, ndiponso ndi zimene amayi amasenza kupita nazo ku Chitakale kuti apeze ya mchere ndi sopo. Tsono mbeu zonsezi ndi za banja limodzi, ndipo matenda ogwira imodzi amagwiranso zinzake. Lero tikambe za matenda amene Azungu amati blackleg, ndiye kuti mwendo wakuda. Dzina lomweli limatchulidwanso pa matenda ena a ng'ombe, koma awiriwa alibe chibale.

Kodi timawazindikira bwanji?

Choyambitsa chake ndi kachilombo ka mtundu wa chuku, kamene akatswiri amati Leptosphaeria maculans. Poyamba tsamba limachita mabanga otuwa ngati phulusa. Tikayang'anitsitsa pakati pa banga tiona timadontho takuda, ting'onoting'ono ngati tathirapo tsabola wopera. M'timadontho timeneti ndimo muli mbeu za kachilomboko. Kuchoka pa tsamba, kamayenda mkati mwa mbeu mwakachetechete mpaka kukafika pa tsinde, pafupi ndi nthaka. Apo tsinde limada, kuuma ndi kung'aluka. Madzi amaleka kukwera, mbeu imafota ngakhale tathirira m'mawa momwemo, kenaka imagwa.

Tisawasokoneze ndi matenda ena odziwika kwambiri pa kabichi, amene amayamba m'mphepete mwa tsamba ndi chikasu chosongokera mkati, mitsempha ya tsamba nkuda. Amenewo amadza ndi bakiteriya. Mwayi wake ngwakuti zambiri zimene tinene pano zimathandiza pa onse awiri.

Matendawa si ocheza nawo. Maiko ena amalima kanola, mbale wake wa repu, kuti ayenge mafuta ophikira. Ku Western Australia ulimi umenewu unali utangoyamba kukula pamene blackleg anausakaza cha m'ma 1972, ndipo alimi ambiri anausiya kwa zaka zochuluka. M'chaka cha 2003, ku Eyre Peninsula m'dziko lomwelo, mitundu ya kanola imene inkatamandidwa kuti siigwidwa inagonja patangopita zaka zochepa chiitulutsireni, chifukwa alimi ankaibzala mobwerezabwereza moyandikana ndi zotsalira zake. Mu 2009 dziko la China linaika ziletso pa kanola wochokera ku Canada poopa matenda omwewa. Ngati alimi a mathirakitala ndi mankhwala analira, nanji ife a khasu ndi kheni?

Kodi amabisala kuti?

Malo oyamba ndi zitsa. Tikamaliza kuthyola masamba timangosiya mitengo ya repu ndi kabichi ili chiimire, kapena kuiunjika m'mphepete mwa dimba. Kachilomboka kamakhala ndi moyo m'zitsa zimenezo kwa zaka 2 mpaka 4, malinga ngati sizinaole. Zikanyowa, kamauluka ndi mphepo kukatera pa mbande zatsopano. Madontho a mvula ndi madzi othirira nawonso amakamwaza kuchoka pa tsamba ili kupita pa linzake. Nyengo yathu kuno kunsi kwa Chambe imakakomera: mame, kuzizira, ndi chiperoni chimene chimatha masiku angapo pakati pa Meyi ndi Ogasiti, nthawi yomwe madimba ali obiriwira.

Malo achiwiri ndi njere. Ambiri timasiya mpiru kuti uchite maluwa, nkusunga njere za chaka chamawa. Mwambowu ngwabwino ndipo tisautaye. Koma njere yochokera pa mbeu yodwala imatenga matenda kupita nawo ku nazale, ndipo mbande zochepa zodwala zimakwanira kupatsira bedi lonse. Mpiru umapirira kuposa repu ndi kabichi, komabe ukhoza kusunga kachilomboko nkupatsira zinzake.

Nanga tichite chiyani?

Kachilomboka kakalowa m'tsinde, kupopera mankhwala ndi kungotaya ndalama. Ntchito yonse ili pa kupewa. Tizule zitsa zonse tikangotha kukolola, tiziumitse nkutentha, kapena tizikwirire mozama. Zodwalazo zisalowe pa mulu wa manyowa. Njere tisunge za mbeu zathanzi zokhazokha, ndipo pogula tisankhe za m'paketi yomata, yolembedwa dzina ndi tsiku, osati zoyeza pa kachitsekero. Njere za kabichi zikhoza kubviikidwa m'madzi otentha madigiri 50 kwa mphindi 25, za mpiru mphindi 15, koma izi zimafuna choyezera kutentha. Tichite pamodzi ndi alangizi, kuopa kuphika mbeu.

Nazale ikhale pa malo atsopano, okwera, ndipo tisafese mothithikana. Pookera, tisabviike mbande zonse m'chidebe chimodzi, ndipo ya banga pa tsinde tiitaye osaimvera chisoni. Pothirira tilunjike pansi, ndiponso tisamapalire kapena kuthyola masamba akadali onyowa.

Chobvuta kwenikweni ndi kasinthasintha. Alangizi amati pakhale zaka 3 kapena 4 tisanabwezere banja la kabichi pa malo amodzi. Kuno ku Mulanje, kumene minda ya tiyi inatenga malo ambiri, ena amaseka akamva zimenezi, ndipo sitingawadzudzule. Komabe ngakhale kadimba kakang'ono kakhoza kugawidwa panayi: apa repu, apa nyemba, apa anyezi kapena tomato, apa chimanga chachiwisi ndi nkhwani, chaka ndi chaka nkumasuntha. Kuchotsa kabichi nkuikapo mpiru si kusintha ayi.

Mphepo siidziwa malire a dimba. Wina akasiya zitsa zake, woyandikana naye ndiye adzalire. Choncho alimi a dambo limodzi agwirizane, amfumu ali pomwepo, tsiku lozula ndi kutentha zitsa nazale zisanafesedwe, ndipo woyamba kuona mabanga a timadontho takuda anyamule mbeuyo ndi mizu yomwe, aikulunge m'pepala, akaionetse kwa alangizi.