Mtengo wobulungira sagwira ndi manja pa bandsaw

Akalipentala ambiri amati bandsaw ndi makina ofatsa, ndipo ndikuvomereza kuti mawuwa ali ndi choonadi chake. Sowo yake ndi lamba wachitsulo wa mano amene amazungulira pa magudumu awiri, ndipo pamalo pochekera manowo amatsika pansi nthawi zonse. Thabwa lopalidwa bwino likagona pa tebulo, lambayo amalikanikizira pa tebulo pomwepo, choncho silikudumphira kumaso monga lingachitire pa sowo yozungulira. Koma kufatsa konseku kumadalira chinthu chimodzi: pansi pa malo amene mano akuluma payenera kukhala pochirikizika. Chipika, mpini wa khasu, nsungwi ndi mwendo wobulungira wa mpando zilibe malo oterowo. Nchifukwa chake ndimanena kuti mtengo wobulungira uyenera kumangidwa makina asanayatsidwe, chifukwa dzanja la munthu silingaugwire.

Tione zimene zimachitika podula chipika mopingasa. Chipikacho chimakhudza tebulo pa kamzere kamodzi kokha, pansi pa mimba yake. Mano oyamba saluma pamwamba pa kamzereko, amaluma m'mphepete mwa kutsogolo, pamene pali lende, popanda chochirikiza. Akakokera pansi malo amenewo, chipika chimatembenuka monga limachitira gudumu la njinga ukalikankha m'mphepete. Chikatembenuka chimagubudukira ku lamba, mano ambiri amaluma nthawi imodzi, ndipo kutembenukako kumakula. Pa makina ambiri ochekera matabwa lamba amathamanga mamita pafupifupi 15 pa sekondi imodzi, kotero zonsezi zimatha munthu asanaphethire. Zala zimene zinafumbata mtengo zimatengedwa nawo kupita ku mano, ndipo lamba akhoza kupindika kapena kuduka. Pong'amba chipika m'litali, chimapendekera kumbali n'kupotokola lamba ali m'kati mwa mtengo.

Wina anena kuti ali ndi manja amphamvu ndipo wadula zipika zaka zambiri osavulala. Sindikutsutsa luso lake, koma pano sipafunika mphamvu zokha. Mota imakoka mosalekeza, pamene dzanja limayamba lamva kaye kuti mtengo wagwedezeka lisanalimbe. Ndiponso munthu akafumbata mwamphamvu, ndiye kuti dzanja lake lamamatira pa chinthu chimene chikupita ku mano. Winanso amati ngozi ili pa zipika zazikulu zokha. Timitengo ting'onoting'ono n'toopsa mwa njira yakeyake: n'topepuka, timazungulira msanga, ndipo zala zimakhala pafupi kwambiri ndi lamba. Kukankha pang'onopang'ono kumathandiza, makamaka mano akamalowa ndi pamene akutuluka, koma sikuchotsa chimene chimayambitsa ngoziyo, chomwe ndi maonekedwe a mtengowo.

Mankhwala ake ndi kuupatsa mtengo pansi pophwatalala. Podula mopingasa, tengani thabwa lochindikala, mulicheke ngalande yooneka ngati chilembo cha V, mugonekemo mtengowo. Tsopano wakhudza mbali ziwiri m'malo mwa kamzere kamodzi. Ngalande yokha siletsa kuzungulira, choncho muupanenso ndi chopanira, manja anu agwire thabwalo kutali ndi lamba. Pong'amba m'litali, mangirirani chipika ku thabwa lowongoka ndi masikuluu, muwaike kumene lamba sadutsa. Mukacheka mbali imodzi, chipikacho chapeza pogonera, ndipo mbali yophwatalalayo ndiyo igone pa tebulo pocheka kachiwiri. Amene amadandaula kuti zimenezi zimadya nthawi awerengere bwino. Thabwa la ngalande limapangidwa kamodzi kuchokera ku zidutswa zotsala, ndipo limagwira ntchito zaka, pamene lamba mmodzi woduka akhoza kuimitsa ntchito ya tsiku lonse ngakhale munthu asanavulale.

Malangizo otsatirawa ndi othandizira mfundo yomweyi. Tsitsani choongolera lamba cha pamwamba chikhale mamilimita pafupifupi 6 kuchokera pamwamba pa mtengo, kuti mano oonekera achepe. Chipika chachikulu kapena chachiwisi, monga cha bulugamu wongogwetsedwa kumene, chimafuna lamba wa mano akuluakulu otalikirana, atatu kapena anayi pa inchi, kuti utuchi uzituluka. Kamtengo kowonda kamafuna mano aang'ono, chifukwa mano aakulu amakakola n'kukazunguza. Yang'anani misomali ndi mchenga m'khungwa, musavale magolovesi chifukwa mano amakoka nsalu pamodzi ndi dzanja, ndipo musachotse tizidutswa lamba asanaime. Musanayatse makina, gwedezani mtengowo ndi dzanja pa tebulo. Ngati ukutha kugubuduka kapena kuzungulira, sunakonzeke kudulidwa, ndipo ngati palibe njira youmangira, udulidwe ndi sowo yamanja.