KATEMERA WOTETEZA ATSIKANA KU KHANSA

Thupi la munthu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Maselo amakula, nakalamba, nafa, ndipo ena amaloŵa m'malo mwake. Koma nthaŵi zina maselo ena amaswana mosalekeza mpaka kupanga chotupa chimene chimaononga thupi. Nthenda imeneyi ndiyo khansa.

M'Malaŵi muno, khansa imene imapha amayi ambiri ndi ya khomo la chiberekero. Kale gwero lake silinali kudziŵika, ndipo ena ankati wodwalayo walodzedwa. M'chaka cha 1983, Harald zur Hausen wa ku Germany ndi anzake anapeza kachirombo kotchedwa HPV m'zotupa za khansayi. Kachiromboka kamafala pogonana. Mwa anthu ambiri kamatha kokha, koma mwa ena kamakhalitsa, ndipo patapita zaka zambiri kamayambitsa chotupa.

Gwero litadziŵika, akatswiri anapanga katemera, amene anayamba kuperekedwa mu 2006. Kwathu kuno anayamba kumpereka ku Rumphi ndi ku Zomba mu 2013. Mu Januwale 2019 boma linamfikitsa m'maboma onse, Ntchisi ndi Dowa omwe, kwa atsikana a zaka 9. Mu 2022 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, linalengeza kuti kubayitsa kamodzi kokha kumateteza bwino. Katemerayu sachiza khansa koma amatchinjiriza, motero amaperekedwa mtsikana akali wamng'ono, kachirombo kasanaloŵe m'thupi. Mphekesera zakuti amaletsa kubereka n'zabodza.

Nanga amayi amene anakula katemera asanabwere? Iwo ayenera kukapimitsa, monga ku chipatala cha boma cha Ntchisi, ngakhale asakumva kuwawa kulikonse. Namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, ndipo pamene payamba kudwala pamayera. Pamenepo amatenthapo ndi kachipangizo, nthenda isanasanduke khansa. Chipatala cha Nkhoma, m'boma la Lilongwe, chinayamba kuchiza motere mu 2013.

Ena amachita manyazi kukapimitsa, nafika ku chipatala nthenda itakula kale. Paja akuluakulu anati mbeŵa ya manyazi inafera kuuna. Tsono ana inu, kawafotokozereni makolo anu zimenezi, ndipo azaumoyo akafika pa sukulu panu ndi katemera, atsikana musathaŵe.

Mafunso
1. Kodi khansa imayamba bwanji m'thupi?
2. N'chifukwa chiyani katemera amaperekedwa kwa atsikana aang'ono?
3. Kodi mwambi wa mbeŵa ukutiphunzitsa chiyani pa nkhaniyi?