Mwana Nayenso Amadwala Nkhawa

Mayi akafika kusikelo amadziwa kuti mwana wake ayezedwa, ndipo kulemera kwake kulembedwa m'buku. Koma alipo matenda ena amene sikelo singawaonetse. Awa ndi matenda a nkhawa, mantha ndi chisoni. Anthu ambiri amati mwana saganiza, kotero sangavutike mumtima. Zimenezi si zoona. M'chaka cha 2021 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti mwa ana 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi amakhala ndi vuto la maganizo.

Chimayambitsa nchiyani?

Kawirikawiri gwero lake ndi imfa ya kholo, kutha kwa banja, ndewu za m'nyumba, nkhanza, njala kapena ngozi. Mwachitsanzo, namondwe wa Freddy atakantha maboma a Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu mu Marichi 2023, ana ambiri anaona nyumba zikugwa ndi abale awo akukokoloka ndi madzi. Mwana woona zotere angathe kunjenjemera mvula ikayamba, ngakhale patapita miyezi yambiri.

Zizindikiro zake

Mwana sadziwa kunena kuti, "Ndili ndi nkhawa." Thupi ndi khalidwe lake ndizo zimamunenera. Makolo yang'anirani izi:

1. Kuyambanso kukodza pogona pamene anali atasiya kale.
2. Kulota zoopsa ndi kudzidzimuka usiku.
3. Kudandaula za mutu kapena m'mimba kawirikawiri.
4. Kukana chakudya, masewera kapena sukulu.
5. Kukakamira mayi, kapena kupsa mtima msanga.

Pamudzi mwana wotere amatchedwa wamwano kapena waulesi, ndipo ena amathamangira kunena kuti walodzedwa. Akamenyedwa mantha amaonjezereka, ndipo zizindikiro zija zimakula.

Zoyenera kuchita makolo

Choyamba, mumvereni. Khalani naye pamphasa madzulo, kapena chezani naye pamene mukusenda chimanga. Mufunseni mofatsa, ndipo musam'dule mawu kapena kumuseka. Akalira, mulekeni alire, pakuti kulira si kufooka, ngakhale kwa mwana wamwamuna.

Chachiwiri, muuzeni zoona. Maliro akachitika, si bwino kumunamiza kuti, "Amayi ako apita kuulendo." Mwanayo amadikira tsiku ndi tsiku, ndipo akazindikira kuti ananamizidwa, amaleka kukhulupirira akulu. Muuzeni m'mawu osavuta kuti munthuyo wamwalira ndipo sadzabweranso, kuti iye sanalakwe kanthu, ndiponso mumuuze amene azimusamalira.

Chachitatu, moyo wake usasokonezeke. Adye, agone ndi kupita kusukulu pa nthawi yake, azisewera ndi anzake. Ana amasiye a mimba imodzi asagawidwe ngati katundu pamene pali njira yowalerera pamodzi. Adziwitseni aphunzitsi ake za vuto limene lamugwera.

Chachinayi, bambo ndi mayi asakanganire pamaso pa ana. Mwana akakodza pogona, musamuyalutse kwa anzake. Muthandizeni kuyanika mphasa mwakachetechete.

Nthawi yopita kuchipatala

Zizindikiro zikapitirira mwezi umodzi, kapena zikamakula, pitani naye kuchipatala chimene muli nacho pafupi. Achipatala adzayamba kuona ngati sakudwala malungo, likodzo kapena njoka za m'mimba. Pakafunika, adzam'tumiza kwa odziwa za matenda a maganizo kuchipatala chachikulu cha m'boma lanu. Mwana akanena zofuna kudzipha, musayese nthabwala. Musamusiye yekha, bisani mankhwala ophera tizilombo ndi zingwe, ndipo pitani naye tsiku lomwelo. Ngati akuchitidwa nkhanza, imbani nambala yaulere yothandiza ana ya 116.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mwana amene wamveredwa lero adzabweranso kwa inu mawa akadzakumana ndi vuto lalikulu.