PHUNZIRO 18: FONI IKAGONA, UTHENGA USAGONE

Anzathu a m'koperativa, lero tiphunzira za foni yamakono, ija yagalasi lalikulu imene timaisisita ndi chala.

Foni ndi chida cha ntchito, monga khasu ndi sikelo. Pa foni timamva za mvula. Pa foni mlangizi amatichenjeza za mbozi zimene zalowa m'chimanga. Pa foni wogula soya amatiuza tsiku limene galimoto ifika. Uthenga wotere ukachedwa, timataya mbewu kapena ndalama.

Vuto ndi lotani?

Ambiri a ife tinazionapo. Foni yalandira pulogalamu yatsopano. Mawa lake taiika pansi, galasi lazima, foni ili zii. Masana tikaiyatsa, mauthenga khumi akulowa nthawi imodzi. Ena anatumizidwa mamawa. Kachizindikiro ka Wi-Fi kanali katachoka, kabwerera pamene tayatsa.

Wina amati foni yafa. Wina amati ana aiononga. Wina amati mlembi wa koperativa wazimitsa intaneti dala. Tisafulumire kulozana zala. Choyamba timvetse chimene chikuchitika.

Mawu atatu oyenera kuwadziwa

Wi-Fi ndi njira yolandirira intaneti popanda waya. Imachokera m'kabokosi kamene kali pafupi, kapena mu foni ya mnzathu amene akutigawira. Siifika patali.

Apudeti ndi pulogalamu yatsopano imene opanga foni amatumiza kuti ilowe m'malo mwa yakale. Pa Chipwitikizi amati actualização.

Kugona kwa foni ndi nthawi imene galasi lazima koma foni sinathimitsidwe.

Chifukwa chiyani foni imatseka intaneti?

Yankho lake ndi batire. Foni ikamalankhula ndi kabokosi ka Wi-Fi imadya moto. Ikamalankhula usana ndi usiku osapuma, batire silifika madzulo.

Mafoni ambiri amene tili nawo, monga Tecno, Itel ndi Samsung, amayendera pulogalamu yaikulu yotchedwa Android. Mwini wake ndi kampani ya Google. M'chaka cha 2015, mu Android 6, Google inaikamo njira yosungira moto yotchedwa Doze. Dzinali litanthauza kuwodzera. Foni ikakhala malo amodzi, galasi litazima, ndiponso isali pa chaja, imawodzera. Pamenepo mapulogalamu saloledwa kulowa pa intaneti, ndipo foni imasiya kufunafuna Wi-Fi.

Tiganizire ngalande ya kudimba. Madzi akachepa, sitiwasiya ayende tsiku lonse. Timatseka ndi dothi. Nthawi ikakwana timatsegula pang'ono, mabedi amwe, kenaka titsekanso. Foni imachitanso chimodzimodzi. Imatsegula intaneti kanthawi kochepa, mauthenga alowe, kenaka itseka. Ikagona nthawi yaitali, imatsegulanso patalipatali.

Uthenga wina umatumizidwa ngati wachangu, ndipo umatha kudzutsa foni. Koma kuti utero, pafunika kuti ulusi wa intaneti ukhale usanaduke. Ukaduka foni ili m'tulo, uthenga udikira mpaka foni idzuke.

Nanga apudeti ikulowamo bwanji?

Apudeti imasintha malamulo a ngalande ija. Mu 2016, Android 7 inalola foni kuwodzera ngakhale ili m'thumba tikuyenda. Mafoni akale anali ndi malo osankhapo kuti Wi-Fi isazime foni ikagona. Mu 2017, Android 8 inachotsa malo amenewo. Mu 2018, Android 9 inayamba kuona mapulogalamu amene sitiwatsegula kawirikawiri ndi kuwachepetsera moto.

Pamwamba pa izi, makampani opanga mafoni amaonjezera malamulo awo osungira batire. Ena ndi okhwima ndithu. Apudeti ikalowa, zimene tinasankha kale zikhoza kubwerera monga zinalili poyamba. Nthawi zinanso apudeti imabwera ndi cholakwa chake, ndipo opanga amatumiza ina yokonza.

Choncho kawirikawiri foni sinafe ayi. Yangolandira malamulo atsopano.

Zotayika ziwiri

Choyamba, timataya nthawi. Uthenga wa galimoto ya wogula ukafika galimoto itapita, matumba athu atsala m'nkhokwe.

Chachiwiri, timataya mamega. Wi-Fi ikaduka, foni imasamukira ku intaneti ya kadi yathu ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel, ngati tinaisiya yotsegula. Mamega amatha ife osadziwa, ndiye timadabwa kuti apita kuti.

Palinso msampha wina kwa ife amene timagawana intaneti ya foni imodzi. Foni yogawayo ikaona kuti palibe amene akulandira, imazimitsa yokha kugawa pakapita mphindi zingapo. Ena onse akadzutsa mafoni awo, apeza chitsime chatsekedwa.

Tifufuze tisanakonze

Mlimi wanzeru sathira mankhwala asanaone kachilombo. Nafenso tiyese kawiri.

Kuyesa koyamba: tiike mafoni awiri pamodzi, onse agone. Onse akataya Wi-Fi, vuto lili m'kabokosi. Ikataya imodzi yokha, vuto lili mu foniyo.

Kuyesa kwachiwiri: tiike foni pa chaja, igone. Foni imene ili pa chaja silowa mu Doze. Mauthenga akafika bwino ili pa chaja, tadziwa kuti vuto ndi malamulo osungira batire.

Tikonze motere

1. Tithimitse foni ndi kuiyatsanso. Tichite chimodzimodzi ndi kabokosi ka Wi-Fi.

2. Tilowe pa kachizindikiro konga gudumu la mano. Pamalembedwa Definições, Configurações kapena Settings. Tipeze mawu akuti Bateria kapena Battery. Ngati njira yosungira batire yayatsidwa, tiizimitse.

3. Tipeze pulogalamu imene timalandirira uthenga wa ntchito, monga WhatsApp. Pa mbali ya batire tisankhe Sem restrições kapena Unrestricted. Apa tikuuza foni kuti pulogalamu iyi isamangidwe.

4. Tilowe pa Wi-Fi, tisindikize dzina la kabokosi kathu, tisankhe Esquecer kapena Forget. Kenaka tilowenso ndi mawu achinsinsi aja. Tiyambe tawalemba papepala.

5. Mu foni yogawa intaneti, tizimitse lamulo lakuti izitseka yokha.

6. Tione ngati kwabwera apudeti ina. Ngati ilipo, tiilandire pa Wi-Fi, batire lili ndi moto wokwanira.

Mawu a pagalasi amasiyana pang'ono foni ndi foni. Tisachite manyazi. Wodziwa athandize wosadziwa, pakuti kufunsa ndi kudziwa njira.

Tichenjere ndi zinthu zitatu

Tisamasule mapulogalamu onse. Ngalande zonse zikatsegulidwa, dziwe liuma. Timasule imodzi kapena ziwiri za ntchito, basi. Kumene kulibe magetsi, moto wa batire ndi chuma.

Tisakane apudeti chifukwa cha mantha. Apudeti imatsekanso mipata imene akuba amalowera mu foni. Masiku ano ndalama zathu zimadutsa pa M-Pesa ndi e-Mola. Mpanda wa ndalama ufunika kukonzedwa nthawi ndi nthawi.

Tisafufute zonse za mu foni mothamanga. Kutero kumachotsa manambala, zithunzi ndi mauthenga. Ndipo popereka foni kwa wokonza, nambala yachinsinsi ya ndalama ikhale m'mutu mwathu.

Ntchito ya tonse

Vuto ili si la munthu mmodzi. Uthenga wa mlangizi ndi wa koperativa yonse. Tingapangane kuti foni imodzi izikhala pa chaja ya sola pa nyumba ya koperativa, ndipo munthu mmodzi aziiyang'ana m'mawa, masana ndi madzulo.

Tikumbukenso kuti kuimba foni ndi SMS sizidalira Wi-Fi. Zimafika ngakhale foni ikuwodzera, malinga netiweki ilipo. Mu Marichi 2023, namondwe Freddy anagwera ku Zambézia nafika mpaka ku Malawi, ndipo anthu ambiri anafa. Chenjezo la madzi osefukira silingadikire kuti foni idzuke. Nkhani yachangu tiimbe, titumize SMS, timvere wailesi, tiombe chitsulo pabwalo. Amene wamva auze mnzake.

Tiwerenge pamodzi

Foni yagona. Wi-Fi yaduka. Uthenga wachedwa.
Tafufuza. Takonza. Uthenga wafika.

Tilembe

Lembani mawu awa katatu m'kope: batire, uthenga, ngalande, chenjezo.

Tiwerengere

Mlangizi watumiza uthenga 6 koloko m'mawa. Uthengawo wafika 11 koloko. Wachedwa maola angati?

Tikambirane

1. Chifukwa chiyani foni imatseka intaneti ikagona?
2. Tingadziwe bwanji ngati vuto lili mu foni kapena m'kabokosi?
3. Chifukwa chiyani sitiyenera kumasula mapulogalamu onse?
4. M'koperativa yathu, ndani aziyang'anira foni ya uthenga, ndipo tizisinthana bwanji?